Holide Imene Tinapatsa Amai ku Kabulonga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene Atate anatitengera ku holide. Kufikira nthawi imeneyo ine ndinkadziwa kuti holide ndi kutseka kwa sukulu basi, masiku amene mwana wamkazi amatunga madzi ochuluka kuposa masiku ena. Zakuti banja lathunthu linganyamuke kukakhala m'nyumba ina kuti lingopumula tinkazimva kwa ana a kumayadi amene tinkaphunzira nawo, ndipo tinkati akunama.

Tinkakhala ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Zinali zaka zija zimene ufa unkasowa, sopo ankasowa, ndipo ukaona mzere pasitolo unkayamba waimapo kenako n'kufunsa chimene akugulitsa. Atate anali kalipentala. Kampani imene ankagwirako inawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri, choncho ankakhoma mipando ndi makabati m'mphepete mwa msewu, pansi pa malata anayi. Anali munthu wofatsa, koma kuchotsedwa ntchito kunawadya mumtima. Madzulo ankalowa m'nyumba yawo yomwe ngati mlendo, osayang'ana munthu kumaso.

Amai anali oyembekezera, miyezi itapita ndithu. Ife ana sitinkayenera kudziwa zimenezo, koma maso tinali nawo. Miyendo yawo inatupa moti zingwe za mapatapata zinkasiya mizere yozama pamapazi, ndipo mutu unkawapweteka tsiku ndi tsiku. Kukiliniki anesi anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anati agone, miyendo ikhale pamwamba, asawerame, asanyamule cholemera, apo ayi mwanayo sapulumuka, mwinanso iwo omwe. Ndinamva Amai akufotokozera Bana Bwalya zimenezi pampanda, ine ndikunamizira kutsuka mbale imodzi yomweyo.

Bana Bwalya anali neba wathu, Mbemba wochokera ku Kopala, dera la migodi, wogulitsa zitumbuwa pamsika. Anali ndi mawu aakulu moti akamakunong'oneza chinsinsi, mzere wonse wa nyumba unkachimva. Tsiku lomwelo anazungulira makomo a amayi anzawo n'kugawa ntchito popanda kupempha maganizo a munthu. Wina azitunga madzi, wina azichapa, wina aziimira Amai pamzere wa ufa. Iwo eni anatenga zophika, ndiponso Tamara, mng'ono wanga wa zaka ziwiri, ankamubereka kupita naye kumsika. Alongo anga awiri, Dalitso ndi Ganizani, sanafunike kugawidwa, chifukwa mwana wa mukomboni amadya pamene njala yamupezera ndipo amakalipiridwa ndi mayi aliyense amene wamuona akulakwa. Kwa masiku anayi Amai anagona pamphasa pakhonde, miyendo ili pathumba la makala.

Tsiku lachisanu Atate anabwera msanga, akuyenda ngati mnyamata. Bwana wina wa kubanki, amene anamukhomera makabati a kukhitchini ku Kabulonga, ankapita kunja ndi banja lake kwa masabata atatu a Khirisimasi. Akuba anali atachuluka, ndiye ankafuna munthu wokhulupirika woti azigona m'nyumbamo, popeza wantchito wawo nayenso anali atapatsidwa tchuthi. Atate anapempha kuti abwere ndi banja lonse, ndipo bwanayo analola, koma anaika malamulo awiri: pageti pasalowe munthu wina aliyense, ndipo chilichonse adzachipeze mmene wachisiyira. Chakudya tinayenera kubwera nacho n'kumadziphikira tokha.

“Amake Nelia, muzapumula monga mkazi wa minisita,” anatero Atate. “Manzi yali mu nyumba, sitovu ni ya malaiti. Kulibe kuyenda ku pompi, kulibe chongo cha mu komboni.”

Nelia ndine. Ndinali woyamba kudumpha ndi chimwemwe. Bana Bwalya, amene anali atamva zonse ali kwawo, analowa n'kunena kuti iwo sanaonepo nyumba yochapa matewera, ngakhale ikhale yaikulu bwanji. Nkhope ya Atate inagwa. Amai anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, munthu amene kwa chaka chathunthu analibe chobweretsa pakhomo choti anganyadire, kenako anati tidzapita.

Mnzawo wa Atate anatinyamula pakavani kake pamodzi ndi ufa wathu, tinsomba ta kapenta, nyemba, mbaula, makala, mapoto ndi mabulangeti. Sindidzaiwala mmene geti lakuda lija linatsegukira. Mpanda unali wa njerwa, pamwamba pake atazika mabotolo osweka. Mkati munali kapinga wometa bwino, mitengo iwiri ya mango imene palibe mwana ankaigenda, agalu awiri onenepa kuposa ife, ndi dziwe losambiramo la madzi obiriwira. M'nyumba, pansi panali timatabwa ting'onoting'ono towala ngati galasi, ndipo pabalaza panali kapeti yoyera imene phazi linkamira. Dalitso anatsegula mpope wa madzi otentha n'kukuwa ngati walumidwa ndi njoka. Tinaseka mpaka misozi, ndipo Atate ankaseka kuposa tonsefe.

Amai sanaseke kwambiri. Anayenda chipinda ndi chipinda manja ali kumbuyo, kuopa kukhudza kanthu, ndipo atafika pakabati ya matambula anangoti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Tsiku loyamba lomwelo anayala zitenje zawo pakapeti yonse. Mabedi anawakana, tonse tinkagona pansi pamabulangeti athu m'chipinda chimodzi. Anayang'ana sitovu yoyera ija, n'kuyang'ana kunsi kwa mapoto athu kwakuda ndi mwaye, ndipo anatulutsa mbaula kuseri kwa khitchini. Kumeneko ndi kumene ankaphikira, atawerama monga kale, mvula ikuwathira kumsana. Za mufiriji anatiletsa ngakhale kuzinunkhiza.

Ndiye panali agalu. Bwanayo anasiya thumba la ufa wa agalu ndi mafupa, pamene ife kwathu tinkaima pamzere kuti tipeze kathumba kamodzi, ndipo anasiya mawu akuti aziphikiridwa kawiri patsiku mumphika waukulu. Panali dziwe lija, limene linkamukoka Tamara ngati shuga amakokera nyerere. Kukomboni mwana amayang'aniridwa ndi maso makumi awiri, koma kuno anali maso awiri okha a Amai. Akangoti agone pang'ono, ankadzidzimuka n'kufunsa kumene kuli Tamara. Panalinso timatabwa tija. Alongo anga ankatuluka m'dziwe n'kuthamangira m'nyumba mapazi ali onyowa, matope a Disembala ndi madzi a mango zili m'manja, ndipo dontho lililonse linkasiya banga. Amai ankagwada ndi kansanza ndi polishi m'mawa, masana ndi madzulo, mimba ikutsala pang'ono kukhudza pansi.

Atate ankalawirira kupita ku ntchito yawo ku Kalingalinga, chifukwa Khirisimasi ndi nthawi yokhayo imene anthu ankakumbukira kugula mipando. Pobwera ankapeza nyumba ikuwala, ana akhuta ndiponso akuseka, agalu akugwedeza michira. Ankafunsa Amai ngati apumula, ndipo yankho linali limodzi tsiku lililonse.

“Napumula maningi.”

Atate ankakhulupirira, chifukwa ankafunitsitsa kuti zikhale choncho.

Nanga ine, mwana woyamba, ndinali kuti? Ntchito zonsezo ndinkazidziwa, ndinayamba kuzigwira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Koma munthu wamkulu anali atanena kuti iyi ndi holide, ndipo ine ndinailandira ndi manja awiri. M'mawa ndinali m'dziwe, kumbali kosazama. Masana ndinkatsegula magazini a mkazi wa bwana kapena kudziyang'ana pagalasi limene linkandionetsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Madzulo ndinkadikira kuti wailesi yakanema iyambe. Amai akandiitana ndinkayankha kuti ndikubwera, ndipo iwo sankaitananso kachiwiri. Ndinapezanso mnzanga, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo amene tinkacheza naye pageti, ndipo ndinamuuza kuti mwini nyumbayo ndi amalume anga.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi, m'mawa, wina anagogoda pageti. Agalu anauwa, ndipo ine ndinathamangirako, thawulo la mkazi wa bwana lili m'khosi. Nditatsegula kakhomo kakang'ono ka pagetipo ndinaona Bana Bwalya, matope mpaka m'akakolo, beseni lili pamutu. Anali atasiya malonda awo tsiku lonse n'kuyenda pansi kuchokera ku Kalingalinga. Kumbuyo kwawo, pageti la nyumba yoyandikana nayo, panali pataima mnzanga uja, akutiyang'ana.

“Segula, mwana wanga. Nabwela kuchapila bamai bako.”

Lamulo la bwana ndinkalidziwa, ndipo ndikanatha kunena kuti adikire ndikaitane Amai. Ndikanatha kunena zinthu zambiri zaulemu. Koma ndinaimika khosi n'kulankhula mokweza kuti wa kumayadi uja amve.

“Sibalola bantu ba mu komboni kungena muno.”

Bana Bwalya anandiyang'ana, n'kuyang'ana thawulo lija, kenako anandifunsa motsitsa mawu mmene akanathera.

“Nanga iwe ndiwe wa kuti?”

Anatula beseni, n'kutulutsamo kapoto ka chibwabwa chotendera, ndiwo ya masamba a maungu imene Amai ankaikonda, n'kundipatsira pakakhomopo. Kenako anandiuza uthenga, n'kuubwereza kawiri. Anati ndikawauze Amai kuti miyendo ikhale pamwamba, ndipo mutu ukakula, kapena maso akayamba kuona nyenyezi masana, asadikire chilichonse, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Anasenzanso beseni lawo, muli kachidutswa ka sopo kamene anabweretsa m'zaka zosowa sopo zija, n'kubwerera m'matope.

Kapotoko ndinakapereka, ndipo ndinati Bana Bwalya anangodutsa, anali pachangu. Uthenga sindinaunene, chifukwa ukanabala mafunso.

Patapita masiku atatu, Amai akuyanika zovala, ndinawamva akuuza Tamara moseka kuti akuona tiziphaniphani dzuwa likuswa mtengo. Anagwira chingwe n'kuima kanthawi, maso atatsinzina. Ndinamva, ndipo mawu a Bana Bwalya anabwera onse m'mutu mwanga. Koma kuti ndiwanene tsopano ndinayenera kuulula za pageti, ndiye ndinadziuza kuti Amai amadwala mutu masiku onse, ndipo ndinalowanso m'madzi. Ichi ndi chinthu chimene chandipweteka kuposa zonse pa moyo wanga.

Masana a tsiku lomwelo Ganizani anatuluka m'nyumba akulira. Tinapeza Amai atagwa pakhonde la mkati, kansanza ka polishi kali m'manja, thupi lonse likugwedezeka. Ndinakuwa. Kukomboni, kukuwa kumodzi kotero kukanadzaza nyumba ndi anthu usanapume kachiwiri, koma kuno mawu anga anagunda mpanda n'kubwerera. Telefoni inalipo, koma bwanayo anali ataitseka ndi kaloko. Ndinatuluka pamsewu n'kumamenya mageti limodzilimodzi, ndipo ondiyankha anali agalu. Kwa mnzanga uja anali atachoka. Pamapeto pake ndinauza Dalitso kuti agwire Tamara asamusiye, ndipo ndinathamanga wopanda nsapato mpaka ku Kalingalinga.

Sindinafike n'komwe pamene Atate ankakhomera mipando. Amayi a pamsika anandiona ndikubwera, ndipo ndisanamalize kulankhula wina anali atathamangira Atate, wina mwini kavani uja. Bana Bwalya anasiya mafuta pamoto. Titafika ku Kabulonga analowa pageti lija ndi amayi ena atatu osapempha chilolezo kwa munthu, n'kudutsa pakapeti yoyera ndi matope awo onse, zitenje za Amai zikukankhikira pambali. Onse anayi anawanyamula Amai ngati mwana.

Amai anapulumuka. Mwanayo, yemwe anali wamwamuna, anabwerera. Umu ndi mmene akuluakulu amanenera mwana akabadwa atafa kale, ndipo maliro ake salira. Amayi achikulire okha ndi amene anakamuika, mwakachetechete, ndipo ife tinauzidwa kuti tisafunse. Tinabwerera kukomboni tsiku lomwelo ndi mapoto athu. Atate anatsala okha m'nyumba ija kuti akwanitse lonjezo lawo, ndipo Dalitso, amene ankawapititsira chakudya, anati ankawapeza atagwada pakapeti ndi beseni la madzi, akuchotsa matope. Bwanayo atabwera anayamikira kuti nyumba yake sinawalepo chonchi. Kuyambira pamenepo Atate sanatchulenso mawu akuti holide mpaka imfa yawo.

Amai atatuluka m'chipatala, amayi aja anayambiranso ntchito zawo mmene anazisiyira, wotunga madzi, wochapa, woima pamzere. Palibe amene ananena kuti tinakuuzani. Tsiku lina ndikuchokera kumpope ndinawapeza Amai ali mtulo pamphasa pakhonde, masana, pakamwa patatseguka pang'ono. Owotcherera zitsulo ankagogoda kuseri, mawailesi atatu ankaimba nyimbo zosiyana, ana ankakanganira mpira, ndipo iwo anali mtulo tofa nato. Masiku khumi ndi awiri onse a ku Kabulonga sindinawaonepo atagona choncho. Ndinakhala pansi n'kumawaingitsira ntchentche, ndikulira mosatulutsa mawu.

Bana Bwalya sanandinenere kwa munthu aliyense. Ndikadutsa pamsika ankandiitana monga kale n'kundipatsa chitumbuwa chotentha, ndipo ndinkachilandira nditagwada. Ndili wamkulu ndafunsapo anthu a zachipatala, ndipo amati matenda aja amatha kumugwira munthu ngakhale atagona tsiku lonse. Mwina n'zoona. Koma amanenanso kuti wofika msanga kuchipatala nthawi zambiri amatuluka ndi mwana m'manja, ndipo ine ndinali ndi uthenga m'kamwa kwa masiku atatu.

Ndinausunga mlanduwu zaka zambiri. Unatuluka mosayembekezera, nditakwatiwa ndili ndi ana atatu. Amuna anga anali atachita lendi nyumba ku Siavonga, m'mphepete mwa nyanja, kwa masiku anayi, imodzi mwa nyumba zija zimene mumapita ndi chakudya chanu n'kumadziphikira, ndipo ndinabwerako msana ukupweteka. Ndinapita kukaona Amai ku Kalingalinga n'kumawafotokozera moseka mmene ndinatsukira mbale ndikuona nyanja pawindo, diso lina lili pa mwana wamng'ono kuti asalowe m'madzi. Kenako kuseka kuja kunatha. Ndinapezeka ndikunena zonse, za thawulo, za mawu amene ndinanena pageti, za uthenga, za tiziphaniphani.

Amai ankasankha nyemba palichero, ndipo sanasiye.

“Uganiza sininamve? Bana Bwalya olo banong'one, Lusaka yonse imamva. Ninali pa windo ya ku kichini. Ninamva vonse.”

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanatulukire, chifukwa chimene sananenere kuti akudwala, popeza anali atamva okha chenjezo la nyenyezi lija. Anataya kamwala kamene anakapeza m'nyemba.

“Nikanasegula geti, sembe batate bako banaphwanya mau yao kuli bwana. Nikanakamba ati nadwala, sembe holide inasila. Imwe munali kuseka, Nelia. Na batate bako banali kuseka. Chaka chonse ninali nikalibe kubamva.”

Ndinaganiza kuti mawuwa andipeputsa, koma anangondisinthira katundu. Kwa zaka zonsezo ndinkati ndinawabisira Amai chinthu, osadziwa kuti iwo ndi amene ankatibisira tonse, ndipo ankatero tsiku lililonse ndi mawu awiri aja. Atate anawapatsa nyumba yabwino kuposa zonse zimene akanaziganizira, ndipo mwa chikondi chomwecho anawachotsa pamalo pokhapo pamene akanapumula, pakati pa manja a amayi anzawo. Madzi a m'nyumba, sitovu ndi kapinga sizinachotse ntchito ndi imodzi yomwe. Zinangochotsa anthu.

Masiku ano anzanga akuntchito amandifunsa ngati nyumba zodziphikira zija n'zabwino kupitako ndi ana. Ndimawauza kuti ana adzasangalala ndithu, ndipo bambo adzabwerako atatsitsimuka. Kenako ndimafunsa amene adzaphike, amene adzatsuke, amene diso lake lidzakhale pamadzi, ndiponso ngati pali wina amene akupita nawo kuti amulandire ntchitozo. Ena amaseka, amati ndimalemetsa nkhani yopepuka. Sindiwauza za mlongo wanga amene sanapatsidwe dzina. Koma mpaka lero, ndikamva mayi akuyankha kuti wapumula kwambiri, sindimvera mawu ake. Ndimayang'ana mapazi.